Khutu Likayambanso Kulira Mutalizolowera Kale

Phokoso la m'khutu mwanga linabwerera mwezi wa June, Loweruka usiku, titachoka ku ukwati wa mwana wa alamu anga. Anatikhazika kutsogolo pafupi ndi masipika poti ndife akuchimuna, ndipo ndinakhala pamenepo kuyambira perekaniperekani woyamba mpaka kudula keke. Titafika kunyumba ku Chibavi n'kuzimitsa nyali, ndinamva nyenje. Aliyense wa kuno akudziwa kuti ku Mzuzu mu June kulibe nyenje, kumakhala chisanu ndi kamvula kowaza basi. Nyenjeyo inali m'mutu mwanga, ndipo ndinaizindikira pomwepo. Ndi ija ndinaitenga ndili mnyamata pa makina opalira matabwa, imene inandisowetsa tulo pafupifupi chaka chathunthu, kenaka n'kuzilala mpaka ndinatha zaka 6 osaiganizira.

Achipatala amati tinnitus. Kumudzi amati khutu likalira ndiye kuti wina akukunena, ndipo ngati n'zoona ine anthu andinena osapuma. Ena amamva ngati likhweru, ena ngati wailesi yosagwira siteshoni, ena ngati mathithi akutali. Pa akuluakulu 7 aliwonse, pafupifupi mmodzi ali nako kulira kotereku, kungoti ambiri sikuwavutitsa.

Malangizo awa ndalembera inu amene munadutsamo kale, munazolowera, tsopano phokoso labwerera, mwinanso mokweza kuposa kale. Ulendo wachiwiri umawawa mwamtundu wina. Poyamba paja anali mantha okha. Pano pa manthapo pasanjikizana kukhumudwa, mukuona ngati ntchito yonse ija yalowa m'madzi.

Sinalowe m'madzi. Anthu okhala m'mbali mwa M1 ku Luwinga samva mathiraki opita ku Karonga usiku, pomwe mlendo wawo amachezera kutembenuka. Mathirakiwo sanasiye kudutsa, ubongo wa mwininyumba unangowaika m'gulu la zinthu zosaopsa. Koma thiraki imodzi itagumula mpanda wake, adzayamba kumva iliyonse kwa masabata angapo. Katswiri wina wobadwira ku Poland, Pawel Jastreboff, anafotokoza mu 1990 kuti chosautsa si kukula kwa phokoso kokha, koma mmene ubongo walilandirira. Ukaliona ngati chiopsezo umalitchera khutu, ndipo ukalitchera khutu limamveka kwambiri. Zimene zili m'munsizi cholinga chake ndi kulibwezera m'gulu lija la zosaopsa, titayamba tatsimikiza kuti ndi losaopsadi.

1. Onani kaye ngati si nkhani yothamangira kuchipatala

Nthawi zambiri kubwerera kwa phokoso si chizindikiro cha matenda aakulu. Koma pali zingapo zimene simuyenera kugona nazo.

Chachikulu ndi khutu limodzi kugontha mwadzidzidzi. Ikani foni ku khutu lina, kenaka ku linalo, kapena tikitani zala pafupi ndi khutu lililonse. Ngati limodzi lasiya kumva bwino usiku umodzi wokha kapena m'masiku awiri atatu, pitani lero lomwe. Kugontha kwadzidzidzi kochokera m'kati mwenimweni mwa khutu kuli ndi mankhwala, koma amagwira bwino m'masiku oyambirira, ndipo pakadutsa masabata awiri mwayi umachepa kwambiri. Ambiri amaluza khutu chifukwa choganiza kuti ndi chimfine chatseka.

Pitaninso msanga ngati kulirako kukugunda limodzi ndi mtima, du, du, du. Gwirani pamkono muone ngati zikuyendera pamodzi. Kumeneko kumakhudzana ndi kayendedwe ka magazi, monga BP yokwera kapena kuchepa magazi, ndipo amayi oyembekezera asazengereze nako. Chimodzimodzi ngati pali chizungulire choti simungaime, nkhope yapindika mbali imodzi, lilime likulemera, khutu likutuluka mafinya kapena magazi, kapena zayamba mutagwa pa njinga ya kabaza n'kumenyetsa mutu. Kulira kwatsopano kwa khutu limodzi lokha si kothamangira usiku, koma nakonso kapimitseni.

Ndipo ngati phokosoli lakufikitsani poganiza zodzichotsera moyo, uzani munthu lero, musadikire mawa, mupite naye limodzi kuchipatala.

2. Bwererani m'mbuyo masabata awiri kapena atatu

Tengani kope mulembe zimene zasintha. Chitani kamodzi kokha, si ntchito ya tsiku ndi tsiku ayi. Wolakwa amapezeka kawirikawiri m'gulu ili.

Woyamba kumukayikira ndi phokoso lakunja: ukwati, chinkhoswe, mapemphero a usiku wonse mutakhala pafupi ndi sipika, vuvuzela ya mnzanu ku Mzuzu Stadium, kudikira pamzere m'kati mwa chigayo, jenereta, minibasi ya ku Nkhata Bay imene sipika yake ili pansi pa mpando wanu. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo mmenemo muli timaselo tokhala ngati tiubweya, pafupifupi 15,000, timene timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatipondereza ngati udzu wopondedwa ndi ng'ombe. Tina timadzukanso pakapita maola kapena masiku, koma timene tafa sitiphukanso. Ubongo ukamalandira uthenga wochepa umadzikwezera voliyumu, ndipo kulira kuja kuli ngati mkokomo wa amplifaya yokwezedwa nyimbo isanayambe. N'chifukwa chake kulira kobwera pambuyo pa phwando nthawi zambiri kumatsika kokha makutu akapuma.

Wachiwiri ndi chimfine, chimene kuno mu June ndi July chimayenda khomo ndi khomo. Pali kanjira kochokera kuseri kwa mphuno kupita ku khutu. Kakatupa, khutu limamveka lotsekeka, mawu akunja amachepa, ndiye am'kati amapeza bwalo. Phula lodzaza m'khutu limachita chimodzimodzi.

Wachitatu ndi mankhwala. Ife amene tinakula LA asanabwere mu 2007 tikukumbukira mmene kwinini ankalizira makutu. Aspirin womwa wambiri, Brufen, Indocid ndi diclofenac nawonso amatha kukweza phokoso, ndipo ambiri timangowagula pagolosale dzino likapweteka. Awa nthawi zambiri ukasiya kumwa kulira kumatsika. Majakisoni ena monga gentamicin, streptomycin ndi amikacin, komanso mankhwala ena a khansa, amatha kuwononga khutu mpaka kalekale, choncho ngati mukubayidwa amenewa ndipo khutu layamba kulira, auzeni adokotala tsiku lomwelo. Koma musasiye nokha mankhwala amene anakulemberani, kaya a TB, a BP, a malungo kapena ma ARV. Malungo amapha, kulira kwa khutu sikupha.

Palinso khosi ndi nsagwada. Yesani kuluma mano mwamphamvu kapena kutembenuza khosi. Ngati phokoso likusintha, musadabwe, zimachitikira anthu ambiri, ndipo mwina ndi chizindikiro choti mukukukuta mano usiku kapena khosi lauma ndi katundu wapamutu, kapena ndi kuwerama pa kompyuta.

Wotsiriza ndi amene timamukana tonse: nkhawa ndi kusagona. Maliro, fizi, ngongole ya banki m'khonde, kusamvana m'banja. Ine ndinkaloza chala masipika a ku ukwati aja, koma nditalemba m'kope ndinaona kuti ndinali nditatha kale masabata awiri ndikugona maola anayi chifukwa cha fizi ya mwana. Masipika anangoponya machesi pa udzu wouma kale.

Mukapanda kupeza chifukwa, tsekani kopelo. Kulira kumeneku kumakwera ndi kutsika nthawi zina popanda chochititsa chooneka, ndipo kusakasaka nakonso ndi njira ina yolitcherera khutu.

3. Kapimitseni, ndipo mupite mutakonzeka

Yambirani pachipatala chapafupi, kaya ku Mapale, ku St John's kapena kwina kumene mumapita. Musangoti "khutu likulira". Nenani khutu liti, zayamba liti, likumveka bwanji, kumva kwasintha kapena ayi, ndipo tengani buku lanu lakuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula nokha. Pemphani kuti akuunikeni m'khutu, akuyezeni BP, komanso aone kuchuluka kwa magazi ngati mukumva kufooka. Akaona kuti pakufunika akutumizani ku Mzuzu Central Hospital, ndipo kumeneko funsani oona za makutu, mphuno ndi pakhosi, amene amangoti a ENT.

Funsaninso za kuyezetsa kamvedwe ndi makina. Anthu ambiri a khutu lolira amakhala kuti kumva kwawo kunachepa osadziwa, makamaka mawu opyapyala. Ngati mumamva kuti munthu akulankhula koma mawu sakugwirika pagulu, kapena ana akudandaula kuti wailesi mwakweza, yezetsani. Timakina tothandiza kumva timachepetsa kulira kwa anthu ambiri chifukwa ubongo umayambanso kulandira mawu enieni. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku African Bible College ku Lilongwe kuli zipatala zoona za kamvedwe, ngati mungakhale ndi ulendo wa kumeneko.

M'khutu musalowetsemo kanthu: chitsotso cha machesi, nthenga ya nkhuku, kiyi, ngakhale timitengo tathonje ta m'sitolo. Zimangokankhira phula m'kati, ndipo zikhoza kuboola nembanemba ya m'khutu. Madzi a masamba ndi mafuta otentha, ayi. Ngati ndi phula, achipatala ali ndi madontho ofewetsera ndi njira yotsukira.

Pali mawu amene mwina mukawamva, monga ndinawamvera ine pachipatala china zaka zija: "Adada, zimenezi zilibe mankhwala, ingozolowerani." Ndinatuluka mtima utagwa. Chimene ankatanthauza n'choti palibe piritsi lozimitsa phokosoli, ndipo n'zoona. Sankatanthauza kuti palibe chochita. Chifukwa cha mawu omwewo, samalani ndi ogulitsa madontho ndi makapisozi pa Facebook ndi WhatsApp olonjeza kuti khutu likhala zii m'masiku 7. Ngakhale ginkgo amene amatchuka uja anayesedwa kangapo ndipo sanaoneke kuti amathandiza. Ndalamayo kagulireni batire la wailesi.

4. Lekani kuliyeza

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi povuta chifukwa ndi ntchito yosiya osati yochita.

Sabata yoyamba ine ndinkadzuka m'mawa, ndisanaponde n'komwe pansi, n'kutseka makutu ndi zala kuti ndimve ngati latsika. Masana ndinkalowa m'chipinda n'kutseka chitseko, n'kuima chilili. Tsiku lina mayi a kunyumba anandipeza. "Bambo a Chikondi, mukumvetsera chiyani kuseri kwa chitseko ngati mwabisa munthu?" Tinaseka, koma anali atandigwira. Ndinkaliyeza mwina kokwana 30 pa tsiku, ndipo nthawi iliyonse ndinkauza ubongo wanga kuti chinthu ichi n'chofunika, usachichotse diso.

Mu 1953 akatswiri awiri a ku America, Heller ndi Bergman, analowetsa anthu 80 opanda vuto la makutu m'chipinda chosalowa phokoso, aliyense kwa mphindi 5, n'kuwauza kuti amvetsere. Anthu 94 pa 100 aliwonse anati amva kulira, ena ngati likhweru, ena ngati njuchi. Munthu wabwinobwino akalowa pachete n'kutchera khutu amapeza chomva. Nanga inu amene muli nako kale, mukadzitsekera m'chipinda mukuyembekezera kupeza chiyani?

Kunena kuti "musaliganizire" n'kosathandiza, kuli ngati kuuza mwana kuti asaganizire mandasi ali patebulo. Chimene chimatheka ndi ichi. Mukazindikira kuti mwayamba kumvetsera, litchuleni dzina mumtima, mopanda ndewu. Ine ndimati, "ndi nyenje ija." Tsitsani mapewa, masulani nsagwada. Kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6, kasanu kapena kakhumi. Kenaka bwererani ku chimene chili m'manja mwanu, ndipo muchilabadire chenicheni: kutentha kwa madzi otsukira mbale, fungo la thabwa, mawu a mwana amene akukulankhulani. Phokoso silichoka pomwepo ayi. Chimene mukuphunzitsa thupi ndi kulimva popanda mtima kudumpha. Muchita zimenezi kambirimbiri tsiku loyamba, mocheperako sabata yachiwiri.

Apempheni a m'nyumba asiye kufunsa kuti "lero likulira bwanji?" Amafunsa chifukwa cha chikondi, koma funsolo limakutumani kukayeza. Muwauze kuti mukafuna kunena munena nokha. Foni nayonso, musamawerenge nkhani za khutu lolira pa intaneti 2 koloko usiku. Amene anachira salemba, ali kumunda. Olemba kwambiri ndi amene zikuwawawa usiku womwewo.

Ganizo lovuta kwambiri limabwera pakati pa usiku: "Ulendo uno ndiye zatheka, likhala chonchi mpaka kumanda." Musakangane nalo, ingoliyankhani ndi zimene mukudziwa. Munaganizapo chomwecho poyamba paja, ndipo panadzapita zaka mukudya, kuseka ndi kugona. Inu muli ndi umboni umene woyamba kumene alibe. Ngati maganizo akukulakani, uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe, umene akatswiri amati CBT, ndi umene uli ndi umboni wamphamvu kuposa njira zina zonse pa kuchepetsa kusautsa kwa khutu lolira. Kuno tili ndi mwayi woti a St John of God, oona za umoyo wa m'maganizo, ali mumzinda momwe muno ndipo amapereka uphungu. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mwapenga. Munthu wosagona masabata atatu amafunika thandizo, basi.

5. Usiku musagone pachete

Nyali ya foni siioneka masana, koma mumdima imathobwa m'maso. Phokoso la m'khutu nalo limakula kunja kukati zii. Anzathu a ku Karonga amangoyatsa fani, koma kuno mu July fani ndi chilango. Ine ndimagwiritsa ntchito kawailesi kamabatire, n'kukasiya pakati pa masiteshoni awiri pamene pamangomveka waaa. Pafoni mukhozanso kusunga kulira kwa mvula kapena kwa mtsinje, kuti magetsi akathima kapena bandulo ikatha musasowe mtengo wogwira. Nyengo ya mvula ndiye sitivutika, malata amagwira okha ntchitoyi.

Kalakwitsidwe kofala ndi kukweza mpaka kulira kwa m'khutu kubisike. Musatero. Ikani mawuwo motsika pang'ono kuposa kulirako, kuti zonse ziwiri zizimveka n'kumasakanikirana. Ubongo sungazolowere chinthu chimene mwaubisira, ndipo mukadzazimitsa wailesi chidzakudzidzimutsani ngati chatsopano. Mapulogalamu olankhula si abwino pogona chifukwa mumayamba kutsatira nkhani. Mahedifoni usiku wonse, ayi, wailesi ikhale patebulo.

Mukaona kuti papita nthawi yaitali tulo osabwera, dzukani, fundani bulangeti mukakhale pabalaza, muchite kanthu kopepuka mpaka maso alemere. M'mawa dzukani nthawi yomweyomweyo ngakhale munagona mochedwa, ndipo masana musagone nthawi yaitali. Mapiritsi ogonetsa ogula mwamseri apeweni. Ena monga diazepam thupi limawazolowera, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kumatha kukweza kulira komweko.

6. Tetezani makutu, koma musawafunditse

Lamulo losavuta ndi ili: ngati mukuyenera kukuwa kuti munthu amene mungamugwire ndi mkono akumveni, phokosolo ndi lowononga. Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo, ndipo oyeza amati pa madesibelo 85 khutu limapirira maola 8, ndipo pakangowonjezeka 3 nthawiyo imadulidwa pakati, moti pa 100 zimatsala mphindi 15 zokha. Pafupi ndi sipika ya paukwati kapena makina ocheka matabwa, 100 safuna kusakasaka.

Funsani timapulagi tasiponji ta m'makutu m'masitolo a zipangizo zomangira kapena a mankhwala. Kavalidwe kake: pirikitani kapulagi ndi zala zoyera mpaka kaonde, kokerani khutu m'mwamba ndi dzanja linalo kudzera kumbuyo kwa mutu, lowetsani, gwirani masekondi 30 kuti kafufume. Thonje limangonamiza, siliteteza kwenikweni. Kuchigayo siyani thumba mukadikire panja. Kutchalitchi ndi kumaukwati khalani kutali ndi masipika, ndipo muzituluka kukapumitsa makutu. Ngati mumagwira ntchito pachigayo, kowotcherera zitsulo kapena kocheka matabwa ku Chikangawa, zotchingira makutu ndi chida cha ntchito ngati magalasi a wowotcherera.

Koma pali msampha mbali inayi. Mantha amachititsa ena kuvala mapulagi tsiku lonse, mumsika, m'nyumba, ngakhale pogona. Mukatero ubongo umakwezanso voliyumu ija, kulira kumamveka kwambiri, ndipo mawu wamba monga mbale kugundana amayamba kupweteka. Phokoso la mumsika wa Mzuzu, la ana, la msewu, makutu anu akulifuna. Musasiye kwaya, musasiye kucheza.

7. Za khofi, mowa ndi zina

Anthu akuuzani kuti musiye khofi ndi tiyi. Palibe umboni wabwino woti zimakulitsa kulira kwa aliyense, ndiye munthu wa ku Mzuzu asadzimane khofi wakwawo popanda chifukwa. Ingopewani kumwa madzulo chifukwa cha tulo. Mowa umagonetsa msanga koma umakudzutsani m'bandakucha, nthawi imene kunja kuli zii. Fodya ndi mdani wa mitsempha ya magazi, ya m'khutu yomwe. Yendani tsiku lililonse mpaka thupi litenthe. Zitunda za ku Masasa zikwanira.

8. Lipatseni nthawi, koma ikani malire

Kukwera kotereku kumatha nthawi zina m'masiku ochepa, nthawi zina kumatenga masabata kapena miyezi ingapo, ndipo sikutsika molunjika. Mukhala ndi masiku atatu abwino, lachinayi n'kubwerera ngati palibe chimene mwachita. Musawerengere tsiku limodzi. Pakutha pa mwezi dzifunseni mafunso awiri okha: kodi ndikugona bwinoko, ndipo kodi pakumakhala maola amene ndimaiwala? Za kukula kwa phokoso musafunse. Ngati papita miyezi iwiri kapena itatu mayankho onse ali ayi, kapena kumva kukucheperachepera, kapena pabwera chimodzi mwa zizindikiro za mu gawo loyamba lija, bwererani kuchipatala.

Ine zinanditengera masabata 7. Ndinazindikira tsiku lina mu August ndikukhoma khola la nkhuku, dzuwa litapendeka, kuti kuyambira m'mawa sindinalimve. Nditangoganiza choncho nyenje ija inayankha kuti ilipo, mwina yokwererapo pang'ono kuposa zaka zija. Ndinatola msomali wina.

Mu October kuli ukwati wina ku Ekwendeni. Ndawauza kale alamu kuti mpando wanga ukhale kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo timapulagi tili kale m'thumba la jekete.